Michopo, kapenta ndi mtima wa mdala wothamanga

Mwamuna akadutsa zaka 40, thupi limayamba kumuuza zimene silinkamuuza kale. Masitepe amene ankakwera akulankhula pa foni tsopano amamusiya ali wefuwefu. Lamba amasuntha bowo limodzi, chaka chotsatira linanso. Ambiri a ife kuno ku Lusaka tikafika pamenepa timachita chanzeru: wina alowa timu ya madalas, wina agula nsapato zothamangira, wina ayamba kulawirira kukayenda m'mbali mwa Leopards Hill Road kapena kuzungulira ku Chilenje dzuwa lisanatuluke. Chimene sichisintha ndi mbale. Timadziuza kuti thukuta la Loweruka litsuka zonse zimene tadya kuyambira Lolemba. Mtima sugwira ntchito motero, ndipo msinkhu uno ndi umene umayamba kuonetsa zimene wakhala ukusunga kwa zaka zambiri.

Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi, n'kumapopa magazi okwana malita 5 pa mphindi iliyonse. Akayamba kuthamanga, miyendo imafuna okosijeni wambiri ndipo mtima umafika popopa malita 20 kapena kuposerapo. Koma mtimawo nawonso ndi mnofu, nawonso umadya. Pali chimodzi chimene chimausiyanitsa ndi mnofu wa mwendo. Mwendo ukamapuma umangotenga gawo lochepa la okosijeni amene magazi abweretsa, choncho ntchito ikakula umatapa pa wotsalayo. Mtima ulibe wotsala woti utapepo, chifukwa ngakhale munthu ali m'tulo umatenga kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ukafuna wina, njira yake ndi imodzi yokha: mitsempha imene imaudyetsa, yomwe kukula kwake ndi mamilimita 3 kapena 4 basi, itanuke kuti magazi adutse ochuluka kuwirikiza kanayi kapena kasanu. Kulimba kwa mtima pa masewera kwagona pa mitsempha yaing'onoyi.

Mitsempha imeneyi ndi imene mafuta a m'mbale amaikhudza. M'magazi mumayenda chinthu changati mafuta chotchedwa kolesitolo, ndipo mtundu wake umene pa pepala la ku labu amaulemba kuti LDL ukachuluka umalowa pansi pa khungu la mkati mwa mtsempha. Thupi limayesa kuuchotsa, limalephera, ndipo pamalopo pamatupa n'kuyamba kuuma. Izi siziyamba pa zaka 50. Mu 1953 madokotala amene anaunika mitembo ya asilikali a ku America ophedwa pa nkhondo ya ku Korea analemba kuti oposa magawo atatu mwa anayi anali nazo kale zotupazi, pomwe ambiri anali anyamata a zaka za m'ma 20. Mdala wa zaka 48 ndiye kuti wayenda nazo zaka zoposa 20 osamva kanthu. Samva kanthu chifukwa mtsempha wochepa umakwanitsabe ntchito munthu akakhala pa mpando. Zili ngati Great East Road atatseka mbali imodzi: pakati pa usiku palibe adziwa, koma ifike nthawi yoweruka, magalimoto aima kuchokera ku Manda Hill mpaka ku Munali. Kuthamanga ndiyo nthawi yoweruka ya mtima.

Apa ena amalumpha n'kunena kuti basi, mafuta onse atayidwe. Ayi ndithu. Mtima weniweniwo umayendera mafuta: munthu akamapuma, mphamvu zake zoposa theka umazipeza powotcha mafuta, osati shuga. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, moti chibwabwa cha madzi ndi mchere wokha chimakupatsani zochepa poyerekeza ndi chotendera. Nkhani yagona pa mtundu wa mafutawo.

Maso okha amatha kuwasiyanitsa. Mukakhala pocheza madzulo a mu June, mbale ya michopo ikakhalitsa patebulo, yang'anani pansi pake. Msuzi uja wasanduka zoyera zonanda, mukazigwira zimakakamira ku chala, ndipo nthuli yozizirayo mukaitafuna imasiya zomata kum'kamwa. Amenewo ndi mafuta oundana, amene madokotala amawatchula kuti saturated. Ali m'mbali mwa T-bone, m'nthiti za mbuzi, mu nkhumba, pa chikopa cha nkhuku, mu soseji ya Hungarian ndi polony, mu batala. Sikuti amapita kukaundana mu mtsempha mmene aundanira m'mbale, poti thupi ndi lofunda. Chimene amachita n'kufooketsa chiwindi pa ntchito yake yosesa LDL m'magazi. Chiwindi chikamasesa pang'ono, LDL amazungulira nthawi yaitali, ndipo wambiri amatsalira m'makoma a mitsempha.

Si a nyama okha amene amatero. Mafuta a palm pafupifupi theka lake ndi oundana, a coconut amaposa 80 pa 100 alionse, pomwe a mpendadzuwa ali cha m'ma 11, a soya cha m'ma 15, a mtedza osakwana 20. Saladi amene amachita mbuu kapena kulimba m'botolo nyengo yozizira nthawi zambiri amakhala ndi palm wambiri. Wa m'botolo la ku shopu mungawerenge pa pepala lake; wopimitsa pa kantemba alibe pepala, ndipo pamenepo kuzizira kwa m'mawa n'kumene kungakuuzeni zoona.

Bungwe la World Health Organization (WHO), mu malangizo ake a 2023, likunena kuti mafuta oundana asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zonse zimene munthu amadya pa tsiku. Kwa mwamuna wodya makalori 2,500, amenewa ndi magalamu pafupifupi 28, ngati masupuni awiri aakulu. Soseji yokazinga m'mawa, nyama yonona masana ku matebeto, michopo madzulo: muyezo uja munaudutsa kalekale.

Kuti zimenezi si za m'buku chabe, dziko la Finland linaonetsa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amuna a m'chigawo cha North Karelia ankafa ndi matenda a mtima kuposa pafupifupi kwina kulikonse padziko. Chimene chimandikhudza pa nkhani yawo n'chakuti sanali anthu ongokhala. Ambiri anali alimi ndi odula mitengo, ogwira ntchito ya thukuta tsiku lonse, koma ankadya batala ndi mkaka wonona wambiri, mchere wambiri, n'kumasutanso fodya. Ntchito yolimbayo sinawateteze. Mu 1972 kunayamba ntchito yosintha kadyedwe, motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata Pekka Puska. Anthu anachoka pa batala n'kupita ku mafuta a mbewu, anachepetsa mchere ndi fodya, ndipo patatha zaka pafupifupi 40 imfa za matenda a mtima mwa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinali zitatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Mankhwala atsopano anathandizako, komabe gawo lalikulu linachokera pa kutsika kwa kolesitolo, BP ndi kusuta. Ngati wodula mitengo sanathe kuwotcha batala wake ndi nkhwangwa, mpira wa mphindi 60 pa mlungu sungawotche michopo.

Koma kuchotsa kokha sikukwanira. Chofunika ndi chimene mwaika pamalo pake. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa 2020, amene anasonkhanitsa zoyesa zambiri, anapeza kuti kuchepetsa mafuta oundana kunatsitsa matenda a mtima ndi mitsempha ndi 17 peresenti. Phindulo limaoneka bwino pamene m'malo mwake mwalowa mafuta a mbewu. Amene amasiya nyama yonona n'kuwonjezera mitanda ya nsima ya ufa wa breakfast, buledi woyera ndi zakumwa za shuga, phindu lake ndi lochepa kapena palibe. Mafuta ena a m'magazi otchedwa triglycerides amakwera, chimimba chikhalabe pomwepo.

Apa ndi pamene ife a kum'mawa tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Mtedza pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo ambiri ndi amtundu wosaundana. Ndiwo zotendera, zija ena amati n'zakumudzi akangolemera pang'ono, n'zabwino ku mtima kuposa repu yosambira mu saladi wa palm. Ku Spain, kafukufuku wa PREDIMED wa anthu 7,447 anapeza kuti amene ankawonjezeredwa mafuta a olive kapena magalamu 30 a mtedza wa m'mitengo wa kumeneko tsiku lililonse anadwala mtima ndi sitiroko mochepa ndi 30 peresenti kapena pafupi pamenepo. Mtedza wawo si wa ku Chipata, koma mafuta ake ndi apachibale. Kotapela nayenso ali m'gulu lomweli, ndipo pa buledi amalowa bwino m'malo mwa batala. Chenjezo ndi limodzi: mtedza wankhungu, wofwifwa kapena wowawa, tayani. Nkhungu yake imapanga poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Pali mafuta ena oipa kuposa oundana, otchedwa trans, amene amapangidwa ku fakitale polimbitsa mafuta amadzi kuti akhale majarini olimba kapena ophikira mabisiketi ndi mapayi. Amakweza LDL n'kutsitsa HDL, mtundu wa kolesitolo wothandiza. Mu 2018 WHO inati amapha anthu oposa 500,000 pa chaka, n'kupempha mayiko kuti awathetse. Denmark inali itayamba kale mu 2003, South Africa mu 2011. Pa paketi, mawu oti partially hydrogenated ndiwo chizindikiro chake. Ndipo kuli chiwaya cha pamsewu. Imani pafupi ndi pokazingira tchipisi kapena vitumbuwa: saladi watsopano ndi woyera, koma uyu wada ngati tiyi wopanda mkaka, akuchita thovu m'mphepete, utsi wake ukuyabwa pakhosi, ndipo wokazinga amangothirapo wina pamwamba osataya wakaleyo. Sindimuda wogulitsayo, saladi wakwera mtengo ndipo naye ali ndi ana. Koma mafuta otenthedwa mobwerezabwereza amawonongeka n'kupanga zinthu zopweteka khungu la mkati mwa mitsempha, lomwe lija liyenera kutanuka munthu akathamanga.

Tsopano za nsomba, poti apa ndi pamene mafuta ndi masewera zimakumana maso ndi maso. Mu nsomba muli mafuta a omega-3, makamaka awiri otchedwa EPA ndi DHA, amene amalowa m'makoma a maselo a mtima n'kukhudza kagundidwe kake. Ku Kuopio, ku Finland komweko, ofufuza anatenga amuna oposa 2,600 a zaka 42 mpaka 60 pakati pa 1984 ndi 1989, ambiri mwa iwo n'kuwapalasitsa njinga ya mu labu mpaka kutopa, akuyeza mpweya ndi BP. Amene anali ndi omega-3 wambiri m'magazi anapezeka kuti matupi awo ankatha kugwiritsa ntchito okosijeni wochulukirapo akafika pachimake. Zoterezi sizitsimikizira zonse, chifukwa munthu wokonda nsomba amathanso kukhala wodzisamalira m'njira zina. N'chifukwa chake zoyesa zenizeni n'zofunika. Mu 2008 ku Wollongong, ku Australia, opalasa njinga anapatsidwa mafuta a nsomba kwa milungu 8, ndipo mitima yawo inayamba kugwira ntchito yomweyo ndi kugunda kocheperapo. Liwiro ndi kupirira kwawo sizinawonjezeke. Kafukufuku wa 2005 wosonkhanitsa zoyesa 30 anapeza kuti mafuta a nsomba amatsitsa kugunda kwa mtima ndi 1.6 pa mphindi.

Chiwerengero chimenecho n'chaching'ono, ndipo ndi bwino kuchinena momwe chilili. Kuyenda ndawala miyezi ingapo kumatsitsa kugunda kwa mtima kuposa pamenepo. Nsomba sizikusandutsani wosewera wa Chipolopolo. Zimangothandiza mtima kugwira ntchito mosawononga mphamvu, ndipo kwa mtima wa zaka 50 chimenechonso n'chamtengo.

Nsomba zake tili nazo. Kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga ndi wa banja limodzi ndi ma sardine. Wa ku Kariba anachita kutengedwa ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Timamudya yense, mutu ndi minga, choncho amatipatsanso kashiamu. Mackerel wa mufiriji wochokera ku Namibia ndi ma pilchards a m'chitini ali ndi omega-3 wambiri kuposa bream yoweta, yomwe ndi ndiwo yabwino koma mafuta amenewa ili nawo ochepa. Kawiri pa mlungu ndi muyezo umene akatswiri a mtima amapereka. Kaphikidwe ndi kamene kamationongera: kapenta womizidwa mu saladi mpaka kuuma gwa wanyamula mafuta a m'chiwaya ochuluka kuposa ake. Wa tomato ndi anyezi ndi supuni imodzi ya saladi, kapena wotendera, ndi amene ndikunena. Ngati ndi wamchere, muviikeni kaye, poti muyezo wa mchere pa tsiku ndi wosakwana magalamu 5.

Makapisozi a omega-3 a ku famasi ine sindiwalimbikitsa kwa munthu amene dokotala sanamulembere. Kafukufuku wamkulu wa VITAL ku America, wa anthu oposa 25,000, anapeza mu 2018 kuti galamu imodzi pa tsiku sinachepetse moonekeratu matenda aakulu a mtima ndi sitiroko akawaphatikiza pamodzi. Zoyesa zina za mlingo waukulu zinaonetsa kuti amawonjezera vuto la kugunda kosokonekera lotchedwa atrial fibrillation. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku Soweto Market.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mdala wa Loweruka lokha. Mlungu wonse ali mu ofesi ndi m'galimoto, kenako tsiku limodzi avala jezi n'kuyamba kupikisana ndi mphwake wa zaka 25 pa dzuwa la mu October. Mu 1993 ofufuza a ku Boston anafunsa anthu 1,228 amene anali atangodwala mtima mwadzidzidzi. Kwa amene sankalimbitsa thupi ngakhale kamodzi pa mlungu, ngozi mkati mwa ola limodzi atagwira ntchito yolemetsa inkakwera kuwirikiza ka 100 ndi kuposa. Kwa olimbitsa thupi kasanu kapena kuposa pa mlungu inkangokwera kawiri ndi pang'ono. BP ikakwera mwadzidzidzi, chotupa chija cha mu mtsempha chimatha kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Ngozi ya ola limodzi lililonse ndi yaing'onobe, choncho musasiye mpira, amdala. Wonjezerani masiku. WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za kuyenda ndawala, kapena 75 mpaka 150 za kuthamanga, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Wotsika basi patali pang'ono ndi kuntchito n'kumaliza wapansi tsiku lililonse, ndiye amene ali wokonzeka kusewera Loweruka.

Zodya za tsiku la masewero nazo zili ndi mbali yake. Mu 1997 ku Maryland anaonetsa kuti chakudya chimodzi cha mafuta okwana magalamu 50 chimachepetsa kutanuka kwa mitsempha kwa maola angapo, ngakhale mwa anthu athanzi. Mafuta amachedwanso kuchoka m'mimba. Phala, mbatata kapena nthochi maola awiri kapena atatu musanalowe m'bwalo ndi zokwanira, ndi madzi. Masewero akatha, masamu ake ndi awa: galamu ya mafuta ili ndi makalori 9, ya sitachi wa mu nsima kapena ya shuga 4. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ndi makalori 120, pomwe mwamuna wa makilogalamu 80 akayenda ndawala theka la ola amawotcha cha m'ma 150. Izi zikukhudza ngakhale mafuta abwino aja. Ndipo nkhaniyi ndi yokambirana bwino ndi amayi kunyumba, amene mwina akhala zaka 20 akumva kuti ndiwo zopanda mafuta ndi zonyoza bambo. Si iwo anayambitsa zimenezo. Bambo akanena yekha kuti botolo la saladi lizikhalitsa ndipo chikopa cha nkhuku chizichotsedwa, pakhomo zimasintha mosavuta.

Mtima wanu mungauyeze nokha ndi zala ziwiri padzanja. Kugunda kwake kwa pamwamba kumayerekezedwa pochotsa zaka zanu pa 220, choncho wa zaka 50 ali cha m'ma 170, ngakhale anthu amasiyana ndithu. Ngati mukutha kulankhula koma osatha kuimba, muli pa liwiro lapakati, loyenera poyambira. Muyeso wina ndi wa mmene mtima umabwerera. Werengani kugunda mukangosiya kuthamanga, yendani pang'onopang'ono, muwerengenso pakatha mphindi imodzi. Kafukufuku wa ku Cleveland Clinic wa 1999 anapeza kuti amene mtima wawo unkatsika ndi 12 kapena kuchepera anali pangozi yokulirapo ya imfa m'zaka 6 zotsatira. Amene akumwa mankhwala a BP ochedwetsa mtima, monga atenolol, manambala amenewa sawagwirira ntchito. Iwo afunse kuchipatala.

Musanayambe zolimba, kayezetseni BP, shuga ndi kolesitolo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti kuno ku Zambia pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa. BP imatchedwa yokwera ikafika 140/90. Tepi ya telala nayo imanena zoona: chiuno cha mwamuna chikadutsa masentimita 94 ngozi yayamba kukwera, chikadutsa 102 yakula. Amene ali pa ma ARV adziwe kuti HIV payokha imawonjezera ngozi ya matenda a mtima. Mankhwalawo sayenera kusiyidwa ngakhale tsiku limodzi, koma pokatenga afunsenso za kolesitolo. Ndipo ngati dokotala wakulemberani mankhwala otsitsa kolesitolo otchedwa statin, kapenta ndi nsinjiro sizilowa m'malo mwake.

Mukamva kulemera kapena kufinya pachifuwa pothamanga, ululu wopita ku dzanja, ku nsagwada kapena kumsana, phuma losagwirizana ndi liwiro lanu, chizungulire kapena thukuta lozizira, imani pomwepo. Musamalize hafu, musamwe soda poganiza kuti ndi mpweya wa m'mimba, musadziyendetse nokha. Ululuwo ukatha mutapuma n'kubweranso mukayambiranso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ukapitirira mphindi zingapo muli chikhalire, anzanu akuthamangitsireni ku chipatala chachikulu chapafupi, kaya UTH kaya Levy Mwanawasa, ndipo akafika anene msanga kuti ndi chifuwa chayamba pamasewera kuti akuyezeni mtima ndi makina a ECG.